Mlandu wa Nsima

Munthu akangotulutsa mawu oti akufuna kuchepetsa thupi, langizo loyamba limene amalandira ndi loti asiye nsima. Amalimva ku ofesi, ku saluni ndi pa magulu a WhatsApp, ndipo kawirikawiri limabwera ndi mndandanda wa zogula: mpunga wa bulauni, mafuta a olive, maapozi, chidale cha nkhuku chokhachokha, ndi kapaketi ka tiyi amene akuti amasungunula mafuta a pamimba. Amene malipiro ake amatha mwezi uli pakati akaona mndandandawo amangoti kudya bwino n'kwa anthu a ndalama, n'kubwerera ku chiwaya. Maganizo awiriwa, oti nsima ndiyo imanenepetsa ndi oti kuchepetsa thupi kumalira thumba lakuya, onse ndi olakwika, ndipo alakwikira pamodzi. Amayesa kuti nkhani yagona pa chakudya chimene munthu alibe. Yagona pa ndalama imene akuwononga kale, kuti ingati imapita ku zakudya zogwira pamimba, ndipo ingati imapita ku zinthu zimene zimalowa m'thupi osathetsa njala.

Ziwerengero zimayamba kuyeretsa nsima tisanafike patali. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo anapeza mu 1992 kuti amayi pafupifupi 10 pa 100 aliwonse m'Malawi anali onenepa kupyola muyezo. Wa mu 2015 ndi 2016 anapeza 21 pa 100 aliwonse. Nsima sinabwere m'dziko muno pakati pa zaka zimenezi. Kafukufuku wina, wa bungwe la MEIRU, anayeza akuluakulu oposa 28,000 ku Area 25 mu Lilongwe ndi m'midzi ya ku Karonga kuyambira 2013 mpaka 2016. Amayi onenepa kupyola muyezo anali 44 pa 100 aliwonse m'tauni ndi 27 kumudzi, pamene abambo anali 18 m'tauni ndi 9 kumudzi. Ku Karonga nsima nthawi zambiri imakhala ya kondowole, koma ndi nsima ndithu, ndipo mlimi wa kumeneko sadya mitanda yochepa kuposa kalaliki wa mu Lilongwe. Ikanakhala kuti nsima payokha ndiyo imanenepetsa, ziwerengerozi zikanatembenuka. Chimene chasintha ndi zimene zaizungulira nsimayo, komanso ntchito imene thupi limagwira likatha kuidya.

Mphamvu ya m'chakudya imayezedwa m'makalori, ndipo thupi limasunga ngati mafuta mphamvu iliyonse imene latenga osaigwiritsa ntchito. Galamu imodzi ya shuga kapena ya sitachi ili ndi makalori 4, ya mowa weniweni ili ndi 7, ya mafuta ili ndi 9. Sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo sitenga malo m'mimba oti munthu n'kuimva. Masamba amene kale ankaphikidwa ndi madzi pang'ono, tomato ndi mchere, lero amayamba ndi anyezi wosambira m'mafuta. Mbatata ya kachewere yowiritsa ili ndi makalori osafika 90 pa magalamu 100, koma ikadulidwa n'kuponyedwa m'chiwaya imatuluka ndi pafupifupi 300. Mbatata ndi yomweyo, mimba imene ikudzaza ndi yomweyo, koma mphamvu yachuluka katatu, ndipo wogulayo walipira mtengo wa mafutawo. Zigege, zitumbuwa, mandasi ndi kanyenya zonse zimadutsa njira yomweyi. Ufa wa tirigu wa m'mandasi ndi wopepuka kale, ndiye ukamwa mafuta umasanduka chakudya chimene munthu amatha kudya atatu ataimirira pa siteji n'kukafika kunyumba akufunsa ngati nsima yapsa.

Shuga ndiye amabisala bwino koposa, chifukwa amabwera m'madzi. Zakumwa zambiri za m'mabotolo zimakhala ndi magalamu pafupifupi 10 a shuga pa mamililita 100, kutanthauza kuti botolo la mamililita 300 lili ndi masipuni aang'ono 7 kapena 8. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 50 a shuga wothira patsiku, omwe ndi masipuni aang'ono 12, ndipo limati kuchepetsa ndi theka n'kwabwino koposa. Munthu wothira masipuni atatu mu tiyi wa m'mawa, atatu mu wa madzulo, n'kumwa botolo limodzi masana, wapyola malirewo asanalawe chilichonse chotafuna. Sobo, maheu ogula ndi thobwa lothira shuga wambiri zili m'gulu lomweli, ngakhale thobwa lili ndi ulemu wa kwathu. Vuto la zakumwa ndi loti ubongo suziwerengera bwino ngati chakudya. Munthu amene wamwa makalori 125 sachepetsa nsima yake ndi makalori 125, amangowonjezera pamwamba. Ena amateteza shuga ponena kuti wa m'Malawi ndi wa ku Zambia amathiridwa vitamini A, zomwe ndi zoona. Koma vitamini yemweyo thupi limamupeza m'mango, m'mapapaya, m'maungu, m'masamba obiriwira ndi m'mbatata yofiira mkati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere. South Africa ndi Britain anayamba kukhometsa msonkho pa zakumwa za shuga mu Epulo 2018 chifukwa cha vuto lomweli la shuga wa m'zakumwa. Tikawerengera mofatsa, munthu wochotsa pa tsiku lake sipuni imodzi ya mafuta, botolo limodzi ndi masipuni aang'ono anayi a shuga wachotsa makalori opitirira 300. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, choncho m'miyezi yoyambirira ameneyo akhoza kutsika ndi kilogalamu imodzi pamwezi, osakhudza nsima, ndalama zitatsala m'thumba.

Wina anganene kuti kilogalamu imodzi pamwezi ndi masewera, iye akufuna khumi isanafike Khirisimasi. Njira zachangu zilipo, ndipo zimagwiradi ntchito kwa milungu ingapo. Chimene ogulitsa njirazi sanena ndi zimene thupi limachita pambuyo pake. Ku United States kunali pulogalamu ya pa wailesi ya kanema yotchedwa The Biggest Loser, mmene anthu onenepa kwambiri ankapikisana kuonda mwachangu podya zochepa ndi kuchita masewera olimbitsa thupi maola ambiri. Asayansi a ku National Institutes of Health, motsogozedwa ndi Kevin Hall, anatsatira 14 mwa iwo n'kufalitsa zotsatira mu 2016. Anthuwa anali atatsika ndi makilogalamu pafupifupi 58 aliyense m'milungu 30, koma patapita zaka zisanu ndi chimodzi anali atabweza pafupifupi 41, ndipo matupi awo ankagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 500 patsiku ocheperapo kuposa mmene zimayembekezekera pa msinkhu ndi kulemera kwawo. Ku Melbourne, kafukufuku wa mu 2011 anapeza kuti anthu amene anaonda mwa kudya zochepa kwambiri kwa milungu 10 anali akadali ndi mahomoni a njala okwera patatha chaka chathunthu. Thupi limachita ngati banja limene laona nkhokwe ikutsika mu Januwale: limaumira pa chilichonse chotuluka, maso ali pa chilichonse cholowa. Silidziwa kuti mwini wake akuchita dala. N'chifukwa chake amene amabwerera msanga pa kulemera kwake kwakale sayenera kudzitcha wofooka. Analimbana ndi njala, ndipo njala ikakhala ya tsiku ndi tsiku imapambana pafupifupi aliyense. Tiyi wochepetsa thupi uja sitingamutayire nthawi yambiri. Wambiri amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba, ndipo chimene chimatsika pa sikelo ndi madzi, omwe amabwerera munthu akangomwa. Madzi otentha a mandimu sasungunula mafuta alionse.

Ngati njala ndiyo imagwetsa anthu, funso loyenera si loti ndidye zochepa bwanji. Ndi loti ndi chakudya chiti chimene chimakhutitsa nthawi yaitali pa mphamvu yochepa ndi pa kwacha yochepa. Hall yemweyo anayesa zimenezi mu 2019. Anasunga anthu 20 m'chipatala kwa milungu inayi, n'kumawapatsa kwa milungu iwiri zakudya zopangidwa kufakitale, ndipo kwa milungu iwiri inayo zakudya zophikidwa kuchokera ku zinthu zosasinthidwa kwambiri. Anawauza kuti adye mmene akufunira. Pa zakudya za kufakitale ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera patsiku, n'kukwera ndi kilogalamu pafupifupi imodzi, ndipo pa zinazo anatsika ndi kilogalamu pafupifupi imodzi popanda wowauza kuti adzimane. Kale mu 1995, Susanna Holt ndi anzake ku yunivesite ya Sydney anapatsa anthu zakudya 38 zosiyanasiyana, chilichonse cha makalori ofanana, n'kumawafunsa mmene akumvera m'mimba kwa maola awiri. Chimene chinakhutitsa kuposa zonse sichinali chodula ayi, inali mbatata ya kachewere yowiritsa, yomwe inaposa buledi woyera katatu. Nsomba, phala la oats, malalanje ndi nyemba zinali pamwamba, makeke ndi madonasi pansi. Zinthu zimene zimapangitsa chakudya kugwira pamimba ndi zodziwika: madzi amene ali mkati mwake, zomanga thupi, kufunika kochitafuna, ndi tizigawo tosagayika m'matumbo timene akadaulo amatitcha faiba.

Tikatenga mfundo zimenezi n'kulowa nazo mu msika wa Limbe, wa Chipata kapena wa Lizulu, tipeza kuti zakudya zopambana ndi zomwe zija anthu amazichitira manyazi alendo akabwera. Nyemba zouma zili ndi zomanga thupi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, soya kupitirira gawo limodzi mwa atatu, ndipo zonse zili ndi faiba wambiri amene nyama ilibe n'komwe. Nandolo, amene alimi a m'chigawo cha kummwera amagulitsa kuti akadyedwe ku India tsiku ndi tsiku, kwathu amatengedwa ngati ndiwo ya tsiku losowa. Khobwe ndi nzama n'chimodzimodzi. Usipa, matemba, bonya ndi kapenta zouma zili ndi zomanga thupi zoposa theka la kulemera kwake, ndipo poti zimadyedwa ndi minga ndi mitu yomwe zimapereka kashiamu amene chambo chochotsa minga sichipereka. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, khwanya, kholowa, chitambe, chigwada ndi mpiru zili ndi makalori ochepa kwambiri moti munthu akhoza kudzaza nazo theka la mbale osawerengera. WHO imalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku, pamene kambale ka masamba kamene banja lonse limapisamo sikafika n'komwe pamenepo. Apa ndi pamene chizolowezi chathu chiyenera kutembenuzidwa. Timati ndiwo ndi yotsitsira nsima, choncho nsima imakhala phiri, ndiwo kadontho. Mbale ya munthu wofuna kuchepetsa thupi ikhale ndi masamba theka, nyemba kapena nsomba gawo limodzi mwa magawo anayi, ndi nsima gawo lotsalalo. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa ku sikelo ya ana alipo onse m'mbale imeneyi, bola nyemba ndi nsomba zikhalepo zonse ziwiri, ndipo pakhale chipatso cha nyengo yake ndi mafuta pang'ono. Pa masamba pali chenjezo limodzi: soda ndi kuwiritsa nthawi yaitali zimawononga mavitamini ena, makamaka C. Nsinjiro ndi yabwino kuposa mafuta a m'botolo, chifukwa imabwera ndi zomanga thupi, koma pafupifupi theka la mtedza ndi mafuta, choncho masamba otendera sadyedwa mopanda muyezo, ndipo mtedza wokazinga ndi wa dzanja limodzi, osati wa mbale.

Nkhani ya mgaiwa imasonyeza bwino mmene timalipirira kuti chakudya chiipe. Wofuna ufa woyera amalipira ku chigayo kawiri, kukonoletsa ndi kugayitsa, amaviika mphale masiku angapo, kutaya madzi ake ndi kuyanika, ndipo akamaliza amakhala atataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chimanga chimene anayamba nacho. Chimene chapita ndi gaga ndi kamtima ka njere, momwe munali faiba, mavitamini a gulu la B, ndi mafuta abwino a chimangacho. Madeya amenewo amakanenepetsa nkhumba ndi nkhuku za ena. Thumba lomwelo la makilogalamu 50 likagayidwa mgaiwa limatulutsa ufa wochuluka, ndipo nsima yake imakhala m'mimba nthawi yotalikirapo. Otsutsa mgaiwa ali ndi mfundo, ndipo si zonse zimene zili zodzikuza chabe. Ambiri amaukumbukira ku sukulu zogonera ndi m'zaka za njala, ndipo lilime silisintha chifukwa chouzidwa. Mgaiwa susungika nthawi yaitali, chifukwa mafuta a m'kamtima kaja amayamba kuwawa, choncho umafuna kugayitsa pang'onopang'ono. Mfundo yolemera kuposa zonse ndi ya chuku. Poizoni wa chuku, monga aflatoxin, amachuluka kunja kwa njere, ndipo kukonola ndi kuviika kumachotsa wambiri. Chimanga chovunda kapena chosauma bwino chikagayidwa mgaiwa, poizoniyo amalowa yense m'mbale. Yankho lake ndi kusankha njere zowola n'kuzitaya, kuumitsa chimanga mokwanira, ndi kuchisunga pouma, m'matumba osalowa mpweya ngati alipo. Chimanga chokayikitsa chikonoledwe, palibe zokambirana. Gaga alinso ndi zinthu zimene zimachepetsa ayironi ndi zinki amene thupi limayamwa, koma tinsomba, tomato ndi gwafa kapena lalanje pambuyo pa chakudya zimathandiza pamenepo. Banja limene mgaiwa weniweni ukulikanika likhoza kuyamba ndi gramil, kapena kusakaniza mgaiwa ndi ufa woyera theka ndi theka.

Kutsutsa kwakukulu ndi kwa mtengo, ndipo kuyenera kumvedwa mwaulemu. Lipoti la mabungwe a United Nations la mu 2020 linati anthu oposa 3 biliyoni pa dziko lapansi sangakwanitse kugula chakudya chopatsa thanzi chokwanira, ndipo chakudya chotere chimadula pafupifupi kasanu kuposa chongopereka mphamvu kuchokera ku chimanga kapena mpunga. Malawi, Zambia ndi Mozambique ali pakati pa mayiko amene vutoli ndi lalikulu. Kalori ya m'mafuta ndi m'shuga ndi yotsika mtengo kuposa kalori ya mu usipa, zimenezo n'zosakanika, ndipo banja limene likugona ndi njala silikufunika phunziro la kuchepetsa thupi. Koma munthu amene thupi lake likukwera chaka ndi chaka sakusowa makalori, ali nawo opitirira. Iye sakugula mphamvu, akufunika kugula kukhuta, ndipo pa muyezo umenewo masamu amatembenuka. Awerengere zimene zimapita pa sabata ku buledi ndi majarini, shuga, mafuta, zakumwa, chipisi cha masana, tizipaketi ta ana ndi mowa wa Lachisanu, n'kufunsa kuti ndalama yomweyo ingagule nyemba zingati, milu ingati ya usipa, mipukutu ingati ya masamba. Tirigu wa buledi pafupifupi yense amachokera kunja, ndi gawo lalikulu la mafuta ophikira, n'chifukwa chake mitengo yake imadumpha kwacha ikagwa, monga mmene inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mbatata ya kholowa, chinangwa, maungu ndi chimanga chachiwisi zimatsatira nyengo ya kumunda. Wodya mbatata yowiritsa m'mawa m'malo mwa buledi wa majarini wasunga ndalama ndipo afika masana asanayambe kuyasamula.

Mtengo weniweni wa nyemba m'tauni ndi makala ndi nthawi. Mayi wochoka m'mawa kwambiri kupita ku geni n'kubwera kutada sangakhale pa mbaula maola atatu, ndipo amene amamulangiza osaganizira zimenezi sanaphikepo. Kuviika nyemba usiku wonse kumadula nthawi yophika kwambiri, ndipo kutaya madzi oviikirawo kumachepetsa mpweya wa m'mimba umene ambiri amadandaula nawo. Chipere chimapsa msanga chifukwa makoko achotsedwa, khobwe sachedwa ngati nyemba, ndipo mphika umodzi waukulu ukhoza kugwira chakudya cha masana ndi cha madzulo ngati utenthetsedwa mpaka kuwira. Nyengo nayo imafuna kuchenjerera. Nyemba zimatsika mtengo pokolola n'kukwera chaka chikamatha, choncho wotha kugula ndowa nthawi yokolola wapindula. Mfutso unapangidwira miyezi imene masamba amasowa. Mango, masuku, magwafa, masau, manachesi ndi malambe zimasinthana chaka chonse, ndipo palibe chimene apozi wochokera ku South Africa angachite m'thupi chimene gwafa wa kuseri kwa nyumba sangachite. Ngakhale wodya pa msewu ali ndi posankha. Pambali pa chiwaya pamakhala wogulitsa chimanga chowotcha, nthochi, mazira owiritsa kapena chinangwa chophika.

Nsima nayo ili ndi gawo lake pa mlanduwu, ndipo kuiyeretsa kotheratu kungakhale kunama. Ufa wa chimanga uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100, ndipo kukula kwa mitanda imene tinazolowera kunayezedwa pa munthu wolima mizere kuyambira mbandakucha, wotunga madzi ndi wosenza nkhuni. Mwana wake amene amakhala pa mpando tsiku lonse, mu ofesi, m'golosale kapena pa chiwongolero cha minibasi, anatengera mitandayo koma ntchitoyo sanatengere. Wodya inayi atsike pa itatu, kenako iwiri, mpatawo utsekedwe ndi ndiwo. Nanga bwanji osangoisiyiratu, poti amene asiya zakudya za sitachi amaonda? Amaondadi, ndipo sabata yoyamba amatsika msanga chifukwa thupi limataya madzi. Koma Christopher Gardner wa ku yunivesite ya Stanford atagawa anthu 609 m'magulu awiri, ena kuchepetsa mafuta, ena kuchepetsa sitachi, anapeza mu 2018 kuti patatha chaka gulu loyamba linatsika ndi makilogalamu 5.3 ndipo lachiwiri ndi 6.0, kusiyana kosanunkha kanthu. Magulu onse awiri anauzidwa kudya masamba ambiri ndi kupewa shuga ndi ufa woyeretsedwa. Njira imene imapambana ndi imene munthu angaitsatire zaka, ndipo m'nyumba imene anthu onse amadya za mphika umodzi, momwe malo a nsima angatsekedwe ndi nyama ndi mazira zokha, kusiya nsima ndi njira yodula kwambiri ndiponso yosachedwa kutha. Odwala matenda a shuga ndi amene ayenera kusamala koposa ndi kukula kwa mtanda, ndipo omwa mankhwala kapena obaya insulin asasinthe kadyedwe kwambiri osauza a kuchipatala, kuopa shuga kutsika mopitirira.

Za masewera olimbitsa thupi, anthu amaziyembekezera zambiri pa sikelo ndi zochepa pa moyo. Kuyenda ola lathunthu mwachangu kumatentha makalori pafupifupi 250, omwe ndi masipuni awiri a mafuta. Herman Pontzer atayeza anthu a mtundu wa Hadza ku Tanzania, omwe amayenda mitunda yaitali tsiku lililonse posaka ndi kukumba mizu, anapeza mu 2012 kuti mphamvu imene amagwiritsa ntchito patsiku sisiyana kwenikweni ndi ya anthu a ku Ulaya ndi America a msinkhu wofanana. Wothamanga m'mawa n'kudzipatsa mphotho ya chipisi masana sapita patali. Komabe kuyenda kumatsitsa shuga ndi BP, kumateteza minofu, ndipo kumathandiza kuti thupi limene latsika lisabwerere. Kafukufuku wamkulu wa ku United States wa Diabetes Prevention Program, wa anthu 3,234 amene shuga wawo anali atayamba kukwera, anasonyeza mu 2002 kuti amene analimbikitsidwa kutsitsa kulemera kwawo ndi magawo 7 pa 100 ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata anachepetsa chiopsezo cha matenda a shuga ndi 58 peresenti, pamene mankhwala a metformin anachepetsa ndi 31 peresenti. Mphindi 150 ndi theka la ola masiku asanu, mtunda umene ambiri amalipirira kabaza.

Chopinga china sichili m'mbale, chili m'maso mwa anthu. Kwathu kunenepa kumayamikiridwa. Mkazi akanenepa amati akusamalidwa bwino ku banja, bambo akatulutsa mimba amati zinthu zikuyenda. Ndipo zaka zimene Edzi inkapulula anthu, mankhwala otalikitsa moyo asanafike kwa onse, zinasiya mantha oti munthu woonda akudwala, moti wotsika makilogalamu asanu amayamba kufunsidwa monong'ona ngati ali bwino. Mantha amenewa ali ndi pochokera, koma matenda asintha. Lero odwala BP, shuga ndi sitiroko akuchuluka, ndipo ambiri sadziwa kuti ali nawo mpaka atagwa. Kuyambira mu 2019 Malawi anasinthira anthu ambiri ku ma ARV okhala ndi dolutegravir, omwe amagwira ntchito bwino kwambiri, koma kafukufuku wa ADVANCE ku Johannesburg anaonetsa kuti ena owamwa, makamaka amayi, amanenepa. Chimenecho si chifukwa chosiyira mankhwala ngakhale tsiku limodzi. Ndi chifukwa choyang'anira mbale ndi kuuza dokotala.

Cholinga chanzeru ndi chaching'ono kuposa chimene ambiri amadziikira. Magawo 7 pa 100 aja, kwa munthu wa makilogalamu 90, ndi makilogalamu 6 okha, otheka m'miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirirapo, ndipo phindu lake pa shuga ndi BP limayamba munthuyo asanaoneke woonda. Wopanda sikelo atenge chingwe chotalika ngati msinkhu wake, achipinde pakati, n'kudzizunguliza nacho pa mchombo. Ngati nsonga sizikumana, mafuta a pamimba achuluka, ndipo ndi amenewo oopsa kuposa a m'matako ndi m'ntchafu. Patapita miyezi thupi lidzaima kutsika, chifukwa thupi lochepa limafuna chakudya chochepa, ndipo kukhala pamenepo osabwerera n'kupambana kale. Zonsezi ndi za akuluakulu. M'dziko limene ana 37 pa 100 aliwonse osafika zaka zisanu anapezeka opinimbira mu 2015 ndi 2016, mwana wamng'ono asachepetsedwere phala, nsinjiro kapena mafuta chifukwa choti mayi ake akuchepetsa thupi, ndipo mayi woyembekezera si woti adzimane chakudya. Munthu amene akuonda yekha asanasinthe kadyedwe, makamaka ngati akumva ludzu kwambiri, kukodza pafupipafupi, kutsokomola kosatha kapena kutuluka thukuta usiku, apite akayezetse shuga, TB ndi HIV.